Mukatumidwa ku Nkhotakota, Musangosaina N'kubwerera

Inu amene mudakali pa ntchito m'boma ndi m'mabungwe, lero ndifuna tikambirane za kalata ija imene imadzutsa ofesi yonse ikafika, yakuti sabata ya mawa kuli msonkhano wa masiku atatu kunyanja. Tonse tikudziwa chimene chimayamba kuwerengedwa m'mutu. Si mfundo za msonkhano ayi, koma mausiku ndi alawansi yake. Ine amene ndinakalambira m'makonde a boma sindikuweruzani pa zimenezo, pakuti malipiro ndi ochepa ndipo ana akufuna fizi. Komabe ndikuti: munthu amene wapita ku Nkhotakota pa ndalama ya msonkho, nakhala masiku atatu m'chipinda chotseka makatani, nabwerako ndi envulopu ndi chambo chokha, wabwera chimanjamanja.

Tiyambe ndi ntchito imene mwatumidwira. Igwireni yonse. Mchitidwe wosaina m'mawa, kudya nkhomaliro, kenako n'kuzimiririka, ndi umene wachititsa kuti mawu akuti "msonkhano wa kunyanja" azimveka ngati chitonzo m'makutu mwa Amalawi. Nkhani ya maalawansi inakula mpaka mu 2021 Pulezidenti Chakwera anapatsa malemu a Saulos Chilima ntchito yotsogolera gulu loiunika. Dalaivala amene wakunyamulani makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima amaona zonse, ndipo mtsikana wopereka tiyi amadziwa mipando imene imakhala yopanda anthu ikakwana 2 koloko masana.

Koma msonkhano sudya tsiku lonse. Muli ndi m'bandakucha, muli ndi madzulo, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo.

Dzukani kusanache mupite padoko. Muime pamchenga pamene mabwato ndi maboti akutuluka m'madzi ndi usipa ndi utaka, muone amayi akulimbirana mabeseni, mumve mtengo wa chigoba lero ndi mtengo wake mwezi watha. Funsani msodzi kuti mwera ukaomba sabata yathunthu banja lake limadya chiyani. Funsani chifukwa chake ena amakokera nsomba ndi neti ya udzudzu imene analandira kuchipatala. Yankho lake silidzakusangalatsani, koma ndi loona kuposa zimene zalembedwa pa pepala lalikulu lija mwakhoma kukhoma. Ambiri a inu mumalemba ndondomeko za usodzi, za umoyo, za maphunziro a ana a m'mphepete mwa nyanja, koma simunaonepo mwana wa Sitandade 5 akukoka khoka nthawi ya sukulu. Safunsa anadya phula. Ola limodzi padoko likhoza kusintha ndime yonse ya lipoti lanu, ndipo ndime imeneyo ndi imene idzagwere anthuwa pamutu chaka chamawa.

Madzulo, dzuwa likapepa, yendani wapansi pa boma. Sindidziwa tauni ina m'Malawi muno imene inasenza mbiri yolemera chotere pa malo ochepa chotere. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anamanga malo ake pano, ndipo Nkhotakota inasanduka doko lalikulu la minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, n'kuwolotsedwa m'zombo kupita tsidya lija, kenako n'kuyenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa. Olemba mbiri amati panali zaka zimene anthu okwana 20,000 ankadutsa pano. Taganizani, gombe lomwelo limene mukujambulapo zithunzi zoika pa Facebook. Pitani mukaime pansi pa mkuyu wa pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene David Livingstone anakambirana za malonda oipawa m'zaka za m'ma 1860. Sanapambane nthawi imeneyo. Malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890, pamene Jumbe wotsiriza anachotsedwa natumizidwa ku Zanzibar. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints cha Angilikani, pamene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. Ndipo mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu konkuno, Dr Kamuzu Banda atangotuluka m'ndende ya Gwelo chaka chomwecho. Ukapolo, mishoni, ufulu wodzilamulira, zonsezi mukhoza kuziyendera madzulo amodzi osathira mafuta m'galimoto. Nanga mudzawauza chiyani ana anu akadzafunsa kuti munaona chiyani ku Nkhotakota? Dziwe losambiramo la pa loji?

Poyenda m'tauniyi kumbukirani kuti ndinu mlendo. Asilamu ndi ambiri kuno, ndipo akhala limodzi ndi Akhristu kwa mibadwo. Valani modzilemekeza, perekani moni musanafunse njira, musajambule munthu musanapemphe. Inu okonza misonkhano, Lachisanu masana siyani mpata woti anzanu apite kumzikiti; musaike mfundo yaikulu pa ola limenelo kenako n'kumadandaula kuti mafumu sanabwere. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Tsopano za ndalama. Alawansi imene mwalandira inalembedwa kuti ndi yogonera ndi kudyera komwe mwapita. Siyaniko ina. Idyani kondoole ndi nsomba pa lesitilanti ya mayi wa pamsika tsiku limodzi. Gulani mpunga kwa wolima, pakuti dera lino lakhala likulima mpunga kuyambira nthawi ya a Jumbe. Ndipo pogula musamufinye wogulitsa mpaka alire. Zimandimvetsa chisoni kuona bwana wotsika m'galimoto ya boma akukangana ndi mayi wobereka mwana pa ndalama imene iye amaisiya pa tebulo la mowa osaicheukira. Koma pali zina zoti musagule ngakhale zitatchipa. Kasawala, ana a chambo, msiyeni. Mukamugula ndinu amene mwatuma msodzi kukamupha. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane, funsani kuti nsombayo yagwidwa bwanji. Chimodzimodzinso mpasa, nsomba yokoma ija imene imakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira ndipo yachepa kwambiri. N'zochititsa manyazi kuti galimoto yolembedwa dzina la unduna ikhale yoyamba kuima pamene pakugulitsidwa zoletsedwa.

Ngati msonkhano watha Lachisanu ndipo mwaganiza zogona usiku wina, gonani pa ndalama yanu, osati ya boma, ndipo galimoto ya ntchito musaisandutse ya banja. Mukatero muli ndi zambiri zoona. Nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Azungu amakwera ndege maola ambiri kudzaona zimenezi, ife timadutsa pa msewu wa ku Kasungu tikuodzera. Kuli akasupe a madzi otentha ku Mawira, kuli thamanda la Chia kummwera, kuli minda ya nzimbe ku Dwangwa kumpoto. Mukafika ku Dwangwako, funsani anthu za madzi osefukira a mu February 2024, ndi kumene akukhala tsopano amene nyumba zawo zinagwa.

Mawu awiri a chenjezo. Gonani m'neti, musasambe m'madzi odikha a m'mabango chifukwa cha likodzo, ndipo pa mathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona. Funsani eni dera musanaviike phazi. Chachiwiri ndilankhula ndi abambo anzanga mosabisa. Mtsikana amene akuzungulira pa loji usiku ndi mwana wa munthu, ndipo chimene chamubweretsa ndi umphawi womwewo umene mwabwera kudzakambirana. Mphete imene munavala ku Lilongwe siivulidwa pa mlatho wa Chia.

Lolemba mukabwerera ku ofesi, lipoti lisakhale lija lokopera la chaka chatha longosintha deti. Pansi pa mfundo za msonkhano onjezerani ndime imodzi ya zimene munaona ndi maso: mjigo wa pa sukulu yakuti wakufa miyezi ingati, mlatho wakuti wadyeka mbali iti, amayi a padoko apempha chiyani. Tchulani mudzi ndi mfumu yake, kaya ndi kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama kapena kwa Kanyenda, lembani tsiku, ndipo kope imodzi muitumize ku ofesi ya DC ku Nkhotakota komweko.