Tidagona pa nangula chifukwa cha mwera

Inu a geni ya usipa mumsika wa Kasungu, sabata ino ndikupepeseni. Ndakhala ndikukunenani m'danga lino kuti June akangofika mumakweza mtengo wa mulu mwadala, podziwa kuti alimi ali ndi ndalama za fodya m'thumba. Azakhali anga, omwe geni yawo ndi yomweyi, adatopa nane. "Iwe umangolemba uli pampando. Tiye ukaone komwe timakapikula."

Tidadzera msewu wa M18, kupyola m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, n'kutsikira kunyanja. Pagombe mathandala adali mbee! Vuto ndi mwera, mphepo yozizira ija imalimbika kuyambira May mpaka August. Usipa amapha usiku, poukopa ndi nyali n'kuuzinga ndi khoka la chilimira. Pamafunde bwato la nyali silikhazikika, ndiye asodzi amangokhala kumtunda n'kumasoka makoka. Tidamva kuti wouma kale udatsalako kumadoko a chakumpoto, kupitirira pomwe Bua amathira m'nyanja, kuseri kwa madambo komwe galimoto siifika.

Tidakwera chombo cha matabwa chopanda injini, thanga lake losokedwa ndi matumba a feteleza, omwewa timayalira chimanga kwathu kuno. Zombo za matanga n'zakale ku Nkhotakota. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikika kumeneko, zombo zake n'kumaolotsa akapolo ndi minyanga. Chathu chidanyamula chinangwa, mbuzi imodzi ndi ife.

Popita mwera udali kumbuyo, chombo chikuthamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pa siteji. Ine madzi omwe ndimawadziwa ndi a damu la Chitete basi. Nsima yam'mawa ndidaipereka kwa nsomba.

Nkhani idali pobwerera, matumba titadzaza. Mphepo tsopano idali kumaso, ndipo chombo cha thanga sichingalunjike komwe mphepo ikuchokera, chimayenda chokhotakhota. Dzuwa litapendeka, mwini chombo, mdala wosalankhulalankhula, adachikhotetsera kuseri kwa bango, n'kutsitsa thanga, n'kuponya nangula. Nangulayo ndi chimwala chomangidwa kuchingwe, osati zija mumaona pazithunzi.

Azakhali adakwiya. "Bambo, mawa ndi Loweruka! Mpamba wanga wonse uli m'matumbamu, ndipo ndi ngongole ya banki m'khonde."

"Mayi," adatero mdala uja, "usipa ukakafika ku Kasungu wopanda mwini wake, akagulitsa ndani?"

Palibe adayankha. Nyanja imeneyi idamiza sitima yachitsulo ya Vipya pa 30 July 1946, anthu 145 n'kutsala pomwepo, ndiye kuli bwanji matabwa? Komatu mwera womwewu ena amasewera nawo. Mpikisano wa maboti a matanga womwe udayamba mu 1984 adauika mwezi wa July dala, kuti mphepo iziwakankhira kumpoto. Iwo boti amakabweza pa galimoto, ife ayi.

Kumtunda sitidatsike chifukwa m'bangomo mvuu zinkalira, komanso matumba ungawasiyire yani? Kuzizira kwake, abale, kwa ku Kasungu n'chibwana. Pulasitiki yomwe ndimati ndifunde azakhali adandilanda n'kufunditsa usipa, poti ukanyowa umawola. Mnyamata wa m'chombo ankakapa madzi ndi chigubu chodula. Mdala sadagone. Kanthawi kochepa wadzuka, wagwira chingwe, wayang'ana mgwalangwa wina kumtunda. Nditafunsa adati, "Aphwanga, mtengo uwo ukasuntha ndiye kuti tasuntha ndife, mwala wazuka."

M'bandakucha mphepo idazizira mtima, tidazula nangula. Ku Nkhotakota tidafika masana, ku Kasungu usiku, msika wa Loweruka utatha. Thumba limodzi lidanyowa ndithu, adaligulitsa motchipa kwa oweta nkhuku.

Lolemba ndidapita pa benchi ya azakhali kukagula mulu. Adandilipiritsa mtengo wonse, ine basela osapempha.