Nyimbo Yafika Kutali, Mwini Wake Watsala Chimanjamanja

Chakumapeto kwa chaka cha 2021 anthu a m'maiko akutali, amene sanamvepo ndi dzina lomwe la Chiradzulu, anayamba kuvina nyimbo ya Linny Hoo pa TikTok. Mwini wake ndi a Giddes Chalamanda, amene anabadwa m'chaka cha 1930, ndipo anaijambulanso mu 2020 pamodzi ndi a Patience Namadingo. Pofika Januwale 2022 timakanema ta nyimboyo tinali titaoneredwa koposa ka 80 miliyoni. Koma pamene atolankhani anakacheza ndi mkuluyo kumudzi kwawo, anadandaula kuti pa kutchuka konseko panalibe chimene chinafika m'thumba mwawo.

Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, komatu siidabwitsa munthu wodziwa m'mene makampani a makanema alipirira. Kampani siifunsa kuti nyimbo anapeka ndani ayi. Imangoyang'ana dzina limene lili m'kaundula wake, ndipo ndalama zimatsata dzina limenelo.

Pa YouTube pali makina otchedwa Content ID, amene anayamba kugwira ntchito mu 2007. Mwini nyimbo amapereka nyimbo yake kuti isungidwe monga chidindo cha chala, ndipo kanema aliyense woikidwa pamenepo amayerekezedwa ndi chidindocho. Zikafanana, mwiniyo ali ndi mphamvu yotsekereza kanemayo, kapena kumuleka kuti azioneredwa koma ndalama za otsatsa malonda zizidza kwa iye. Tsono vuto lili apa: khomo la makinawa silitsegukira aliyense. Amalowapo ndi makampani okhala ndi nyimbo zambiri, ndipo woimba wa payekha ayenera kudzera mwa wofalitsa, amene naye amadyapo pake. Njira ina ndiyo kutsegula tsamba lakelake, koma mu 2018 YouTube inalamula kuti wofuna gawo la ndalama za malonda pa makanema aatali azikhala ndi omutsatira 1,000 ndiponso maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Akakwanitsa zimenezi amalandira magawo 55 pa 100 alionse.  Kwa gogo amene nyimbo zake zinajambulidwa pa makaseti kalekale, amene amaziika pa intaneti kawirikawiri ndi munthu wina, ndipo wokolola amakhala yemweyo.

Sikuti malamulo kulibe. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso mu 1989, dziko lino linalowa m'pangano la Berne mu 1991, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992. Lamulo latsopano la 2016 limateteza nyimbo pa moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zina 50 atamwalira. Bungweli limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu ndi malo ena oimbirako nyimbo, koma kampani yokhala ku California siilipira chifukwa chakuti ku Malawi kuli lamulo. Imalipira pamene wina wabwera ndi umboni wolembedwa.

Apa ndipo pofunika anthu ophunzira. Oimba ambiri akale sadziwa kuti m'nyimbo imodzi muli maumwini awiri, wa amene anapeka mawu ndi mayimbidwe, ndi wa amene analipira kujambula, ndipo kuti uliwonse uli ndi malipiro ake. Mphunzitsi wa pamudzi, amene amawerengera anthu makalata ndi kale lomwe, angathe kukhala pansi ndi woimba wotere, namuthandiza kulembetsa nyimbo zake ku COSOMA. Akuluakulu a Boma oyang'anira za chikhalidwe m'maboma ayeneranso kuumirira kuti woimba wamkulu akaitanidwa kukajambula ndi achinyamata, pangano la kagawidwe ka ndalama lilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni kanemayo asanaikidwe pa intaneti.