Kabati yakaleyo musaitulutse msanga

Msika wa fodya ukatsegulidwa, kuyambira cha mu Epulo mpaka nyengo yozizira itapita, msewu wochokera ku Kasungu kudzera pa Santhe kulowera ku Mchinji umaulula komwe ndalama za mlimi zikupita. Malole amene anapita ku Chinkhoma atasenza mabelo amabwerako ndi malata, matiresi, njinga zamoto ndi makabati onyezimira agalasi kutsogolo, atawakulunga ndi zingwe kuopa mabampu. Kabati yatsopanoyo ikangolowa m'nyumba, yakale ija imatulutsidwa panja. Mawa lake mupeza nkhuku ikuikira m'menemo, kapena bambo asungiramo mabotolo a mankhwala opopera ku nazale. Ine ndikuti m'nyumba zambiri za kuno, kabati imene ikutulukayo ndi yabwino kuposa imene ikulowayo, ndipo chimene imasowa ndi sandipepa, mahinjesi awiri ndi kachitini ka penti kapena vanishi.

Nkhani yagona pa thabwa. Makabati amene makalipentala akale ankakhoma anali a mlombwa kapena mbawa, mitengo yolimba imene chiswe chimachita nayo mphwayi, makamaka mlombwa. Thabwa lotero lingade ndi mwaye, lingachite madontho a mafuta ophikira, chitseko chake chingalendewere mbali imodzi, koma mkati mwake likadali lamoyo. Mukalipala pang'ono ndi sandipepa, pansi pa litsiro la zaka makumi awiri pamatuluka mtundu wofiirira umene palibe sitolo ingakugulitseni lero pa mtengo wa kabati wamba. Mitengo imeneyi yachepa kwambiri m'dera lino. Minda ya fodya inalowa m'malo mwa nkhalango, zigafa zimadya mitengo chaka ndi chaka, ndipo mlombwa ndi mbawa zili m'gulu la mitengo imene malamulo a zankhalango amateteza. Munthu amene ali ndi kabati ya mlombwa ali ndi chinthu chimene sangachigulenso mosavuta, ngakhale fodya wake atayenda bwino chotani ku okushoni.

Nanga yatsopanoyo ndi ya chiyani? Yambiri yotsika mtengo ndi ya chipibodi kapena MDF, kutanthauza utuchi ndi tizidutswa ta mitengo zomatidwa ndi guluu, pamwamba n'kuphimba ndi kachikopa kosalala kooneka ngati thabwa. M'nyumba ya matailosi, youma, kabati yotere imatha kukhala zaka ndithu. Koma taganizirani kumene ikupita. Ikukaima pa simenti imene imakolopedwa m'mawa uliwonse, pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa, m'nyumba imene khoma lake limagwira chinyezi mu Januwale ndi Febuluwale. Chipibodi chikamwa madzi chimafufuma ngati chigumu, kuyambira m'munsi, ndipo sichibwereranso mwakale ngakhale mutachiyanika padzuwa la mu Okutobala. Sikuluu ya hinjesi ikazuka, imazuka ndi utuchi womwe, dzenje lake osagwiranso kanthu. Kalipentala amene mungamuitane adzangopukusa mutu, chifukwa palibe poti akhome. Akuluakulu ananena za chikomekome cha mkuyu, ndipo apa nyerere zake zimayamba kuoneka dzinja lachiwiri.

Wina anganene kuti penti nayenso wakwera mtengo, ndipo sakunama. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodalira zipangizo zochokera kunja chinakwera, penti ndi thinala zomwe. Koma kugwa komweko kunakwezanso magalasi, mahinjesi, zogwirira ndi guluu za kabati yatsopano, osaiwala mafuta a galimoto yoibweretsa kuchokera ku Lilongwe kapena ku Kasungu boma. Kabati imodzi ya m'nyumba wamba siitha penti wambiri. Lita imodzi imakwana, nthawi zina n'kutsalako wopaka pa chitseko. Komanso ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, zitadulidwa kale ngongole ya feteleza kwa amene alima pa kontirakiti, ndipo zotsalazo ndi zomwe ziyenera kufikitsa banja ku mwezi wa njala, kulipira fizi ndi aganyu omwe. Kabati yogulidwa mu Juni imakumbukiridwa mowawa mu Januwale, pamene mwini wake ali pakhomo pa wakatapila.

Pali chodandaula china chimene sindichipeputsa. Mayi amene wasoka fodya usiku, wasankha masamba mpaka msana kuuma, ali ndi ufulu wofuna chinthu chatsopano m'nyumba mwake, chooneka, choti alendo akalowa adziwe kuti thukuta la chaka chino silinathere kumowa. Kawirikawiri amene amalalikira kuti zakale zikonzedwe ndi bambo yemweyo amene wadzigulira njinga yamoto osafunsa aliyense. Ngati kupenta kabati kukhala njira yomanira mayi gawo lake, ndiye kuti mfundo yanga yagwiritsidwa ntchito molakwika. Ndalama imene yapulumuka pa kabatiyo ikhale m'manja mwa mayi yemweyo, asankhe yekha ngati agula mapoto, mbaula yabwino, kapena aitana kalipentala amuwonjezere shelefu ndi zitseko zagalasi pa kabati yakaleyo. Kalipentala wa pa Santhe pomwepa amachita zimenezi, ndipo ndalamayo imatsala m'mudzi m'malo mokwera lole kupita ku tauni.

Sikuti kabati iliyonse yakale ndi yoyenera kupulumutsidwa, ndipo mwambi wa mkuyu uja umagwiranso mbali ino: penti amatha kubisa zowola. Musanagule burashi, tulutsani mbale zonse, muikokere kabatiyo pabwalo, muigoneke chagada. Tengani msomali mubaye miyendo ndi thabwa la pansi. Msomali ukalowa ngati mu mbatata yophika, kapena mukaona tinjira ta dothi ta chiswe tikukwera mkati, kapena timabowo tothothoka fumbi longa ufa, thabwa limenelo latha. Likakhala limodzi, kalipentala alichotsa n'kuikapo lina. Kumbuyo kwa kabati nthawi zambiri kumakhala pulayi woonda, ndipo kumusintha ndi ntchito ya ola limodzi. Koma ngati mafupa onse a kabatiyo adyedwa, kapena ngati yakaleyo nayonso ndi ya chipibodi chofufuma, musataye penti wanu. Pamenepo gulani ina, koma muuze kalipentala akukhomereni ya matabwa enieni, ngakhale a paini wa ku Chikangawa kapena bulugamu wouma bwino, yokhala ndi miyendo yoikweza kuchoka pa simenti.

Amene aona kuti thabwa lili bwino asathamangire kupaka. Penti sagwira pa mafuta ndi mwaye. Amasupuka ngati khungu la njoka mwezi usanathe, kenako anthu n'kumati kupenta n'kutaya ndalama. Tsukani kaye ndi sopo ndi madzi ofunda, muumitse pamthunzi masiku awiri, mupale ndi sandipepa, mupake andakoti, ndipo penti weniweniyo mupake kawiri mopyapyala m'malo mwa kamodzi mochindikala. Kupalako muchitire panja, ana ali kutali, mutanyowetsa pang'ono popalapo, chifukwa penti wina wakale wa mafuta amakhala ndi mtovu, umene fumbi lake limawononga ubongo wa mwana. Mbale ndi ufa musabwezeremo mpaka fungo litatheratu. Ndipo ngati mwapeza kuti pansi pa litsirolo pali mlombwa, chonde musaukwirire ndi penti wobiriwira uja wa m'masitolo. Vanishi yekha akwana.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi yomwe ija ya msika wa fodya, mvula italeka ndipo mphepo ili youma. Lole ya makabati ikadutsa pa Santhe, ilekeni idutse kaye, inu mukatenge msomali mukabaye mwendo wa kabati yanu.