Mphako ya nang'omba sadzala

Chaka ndi chaka pa 15 Disembala imayamba nyengo yodzala mitengo, ndipo pofika pa 15 Epulo timamva za mbande mamiliyoni zomwe zalowa m'nthaka. Timaomba m'manja, inenso ndimaomba nawo. Koma pali mbalame imodzi yomwe mbande zonsezo sizidzaipindulira kanthu ife tili moyo. Ndikunena nang'omba.

Amene anakulira kufupi ndi thengo akumudziwa. Chimbalame chakuda bii, chofiira psuu kukhosi ndi kuzungulira maso, chodzuma mbandakucha ngati ng'oma yapamudzi wakutali. Wamkazi mumamuzindikira ndi kabanga kabuluu pakhosi. Tsiku lonse amayenda pansi m'kagulu, kutola ziwala, abuluzi, mbewa, njoka, ngakhale kamba amamuswa ndi mlomo. Akauluka ndi pomwe mumadabwa kuti ali ndi nthenga zoyera kumapiko.

Vuto lake lili pa kubereka. M'gulu lonse, banja limodzi lokha ndi lomwe limaswa. Enawo ntchito yawo ndi kusaka ndi kutula chakudya pachisa. Wamkazi amaikira mazira awiri, kawirikawiri, motalikiranako masiku. Mwapiye woyamba amakula msanga n'kumalanda chakudya chonse, wachiwiri amafa ndi njala. Ku South Africa anapeza kuti gulu limodzi limatha zaka pafupifupi 9 kuti likuze mwana mmodzi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mu 2010 bungwe la IUCN linamuikira m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Komanso chisa samanga. Amafuna mphako yaikulu, yoti chimbalame cha makilogalamu anayi chikhalemo mosapanikizika, ndipo mphako yotere imapezeka mu mtengo wakalekale: mlambe, mkuyu, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje.

Tsono imani pamsewu wa ku Makanjira pano pa Malindi, muyang'ane kumapiri a Namizimu. Nkhalango imeneyo ndi yotetezedwa chiyambire 1924, koma taonani zomwe zimatsika m'menemo: matumba a makala panjinga, matabwa, nkhuni zowambira nsomba ndi zowotchera njerwa. Wosema bwato safuna kamtengo, amafuna thunthu loti anthu awiri alephere kulikumbatira. Wofula njuchi akapeza mphako amayatsa moto m'tsinde, mtengo wa zaka mazana n'kugwa chifukwa cha uchi wosadzaza chidebe. Sindikuwanyoza anthuwa, nsomba yowamba ndimadya, makala ndimagula. Ndikungonena kuti tonse tikulimbirana mtengo womwewo umene nang'omba akuufuna, ndipo iye nkhwangwa alibe.

Chomwe chimatipusitsa n'choti mbalameyi imakhalitsa, zaka 50 imakwana. Munthu angathe kumaona gulu lomwelo m'munda mwake chaka ndi chaka n'kumati anang'omba alipo, osadziwa kuti akuona nkhalamba zokhazokha zomwe mtengo wawo unagwa kalekale. Tsiku lomwe zidzathe, zidzatha zonse pamodzi.

Kumwera kwathu zinthu zinasinthako. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira paki ya Liwonde mu 2015, ndipo mu 2018 linawonjezerapo nkhalango ya Mangochi. Ku Liwonde anang'omba akuyendabe. Koma mpanda wa paki suwauza pothera, ndipo akatulukira kumidzi amakumana ndi legeni, misampha, nyambo zapoizoni, komanso mawindo. Nang'omba akadziona pagalasi amayesa mdani, amalijompha mpaka litasweka. Mphunzitsi wamkulu amene wapeza magalasi a kalasi ali mbwee pansi simungamuuze za IUCN. A Mabula Ground Hornbill Project ku South Africa amaphimba mawindo otere kuti asamanyezimire, amapachika zisa zopanga, amatenganso mwapiye wachiwiri uja n'kumulera pamanja. Kulera anapiyeko n'kwa ndalama zambiri. Kuphimba windo ndi sefa kapena kulipaka laimu, sukulu iliyonse ingathe.

Ine pempho langa kwa alangizi a zankhalango ndi makomiti a m'midzi ya kwa Chowe ndi laling'ono. Nyengo ikubwerayi, musanatiwerengere mbande za bulugamu, yendani m'mitsinje yotsika ku Namizimu, mulembe mtengo uliwonse wokhala ndi mphako yaikulu, muupake chizindikiro, mudzi ugwirizane chindapusa cha woudula. Ntchitoyo ikungofuna kope, chitini cha penti, ndi mfumu yolimba mtima yoti ilipitse mbuzi ngakhale wodulayo atakhala mlamu wake.