Kodi bilimankhwe wa ku Mulanje tikumuotchera pambaula?

Paphiri la Mulanje pali bilimankhwe wosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Akatswiri amamutchula kuti Nadzikambia mlanjensis, ndipo bungwe la IUCN lidamuika m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yotheratu. Kwawo ndi m'nkhalango zowirira monga za kuchigwa cha Ruo. Mitengoyo ikagwa, athawira kuti?

Wina kuno ku Kanjedza angafunse kuti kanyama kamene ana amakagenda ndi miyala katikhudza bwanji. Ifenso tifunse: thumba la makala lafika panjinga mmawa uno lija, mtengo wake udali m'phiri liti? Munkakhala zamoyo zanji m'nthambi zake?

Ku Nsanje zidachitika kale. Kumapiri a Malawi Hills kuli kabilimankhwe kena, Rhampholeon chapmanorum, kosafika masentimita 6. Pakati pa 1984 ndi 2019, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a nkhalango yake adadulidwa. Ambiri ankaopa kuti kadatha, mpaka mu 2016 pomwe gulu la katswiri wina, Krystal Tolley, lidakapeza m'tizigawo ta nkhalango totsala. Tizigawoto n'totalikirana, moti tinyamato sitingathe kuyenderana kuti tiswane. Kodi tikudikira kuti Mulanje afike pomwepo?

Ife a mu Blantyre sitingati sitikudziwa. Phiri la Ndirande lidameteka tikuona. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira abale athu ku Chilobwe. Ndipo kuyambira 2019, ena mwa madzi otuluka m'mipopi ya ku Bangwe amachokera ku Likhubula, paphiri lomwelo la Mulanje. Nkhalango ikatha, mtsinjewo udzasunga madzi mpaka Okutobala?

Mayi wophika pambaula sitimuloza chala. Magetsi akathima, gasi n'kukhala wodula, ana adye chiyani? Mafunso athu akupita kwa akuluakulu. Malole a makala amadutsa bwanji pamalodibuloko usiku? Eni ake ndani, ndipo ndi angati adaimapo m'khoti? Dipatimenti ya Zankhalango ili ndi alonda okwanira kuyendera phiri lonse lija?

Mu 2025 UNESCO idaika Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Tidakondwa, n'zoona. Nanga aphungu athu, mubajeti ikubwerayi mwaikamo ndalama zingati zolondera nkhalango ya Ruo?