MAONDO AKAYAMBA KULIRA, MUSAWAPATSE MPANDO

Mawu athu a lero ali pa Ahebri 12, ndime 1 mpaka 13. Muwerenge nokha musanayale katundu. Mutuwu ukuyamba ndi mpikisano wothamanga, koma pofika ndime 12 ndi 13 ukukamba za manja olema, maondo ofooka ndi mwendo wotsimphina umene uyenera kuchira. Wolembayo anali kukamba za chikhulupiriro, zimenezo ndikudziwa. Koma chitsanzo chake anachitenga pathupi, ndipo lero ndikufuna tikambe za thupilo.

Zaka zitatu zapitazo, m'nyengo ya Lenti, ndinagwada paguwa kulandira Ukaristia, ndipo kunyamuka kunandikanika. Bondo lakumanja linangouma gwa. Kamnyamata kotumikira paguwa ndi kamene kanandigwira chigongono, mpingo wonse ukuona. Ndinali ndi zaka 54, sikelo inali kunena makilo 96.

Chimene ndinachita ndi chimene ambiri a inu mukuchita manje. Ndinagula mapilisi a diclofenac, m'mawa limodzi, madzulo limodzi, nthawi zina m'mimba muli gwa. Pashopu ndinaika mpando pafupi ndi khomo, chilichonse kutuma ana. Kenako wachibale wina anabwera nati, "Achimwene, izi si za Mulungu izi, alipo wakutcherani pakhomo pa shopu." Ndikuulula pamaso panu: ine amene ndimaima kutsogolo kuwerenga Mawu, ndinatha milungu iwiri osapereka moni kwa mnzanga woyandikana naye malo.

Chimene chinandipititsa kuchipatala sichinali bondo ayi, koma m'mimba mmene munayamba kutentha ngati mbaula. Adokotala anandipima, nandiuza zinthu zitatu: mapilisi a tsiku ndi tsiku aleke, thupi lichepe, miyendo iyende. Ndinatuluka nditakhumudwa. Ndinali kufuna jekeseni, iwo anandipatsa ntchito.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa ena simugwirizana nawo. Kwa ambiri a ife odwala nyamakazi, kukhala pansi sikuchiza, kumangowonjezera matenda. Kupemphera uku tikukana kusintha mbale yathu ndi kuyendetsa miyendo yathu, kumeneko si chikhulupiriro, ndi kumusiyira Mulungu ntchito imene anatipatsa ife.

Choyamba mudziwe kuti nyamakazi si imodzi, ndipo kuisiyanitsa ndi ntchito ya achipatala.

Yofala kwambiri ndi imene ndili nayo ine, madokotala amaitcha osteoarthritis. Kunsonga kwa mafupa kuli kamnofu koterera, konga kaja koyera mumakapeza pafupa la nkhuku. Kakayamba kuperepeseka, bondo, chiuno kapena zala zimapweteka ndi kuuma. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa anthu khumi alionse, asanu ndi mmodzi anali amayi. Kodi onsewo anawatchera ndani?

Yachiwiri ndi rheumatoid arthritis. Iyi chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake. Zala ndi mikono zimatupa mbali zonse ziwiri, ndipo m'mawa munthu amauma kwa ola lathunthu kapena kuposa. Imafuna mankhwala a kuchipatala monga methotrexate, ndipo mukachedwa zala zimapindika osawongokanso. Ndiwo zamasamba sizingalowe m'malo mwa mankhwala amenewo.

Yachitatu ndi gauti. Imakonda chala chachikulu cha kuphazi, imabwera usiku, olo bulangete kukhudza munthu amakuwa. Imayamba asidi wina akachuluka m'magazi n'kupanga timiyala tosongoka m'mfundo.

Ndipo mverani ichi: mfundo ikatupa mwadzidzidzi, ikutentha, thupi nalo likutentha, musadikire Sabata kuti tikupempherereni. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ife tikupezani komweko ndi pemphero.

Manje tibwere pa kuthamanga. Ambiri mumati, "Bondo lili ngati tayala, ukaliyendetsa kwambiri limatha." Iyayi. Tayala ndi chinthu chakufa, bondo ndi lamoyo. Kamnofu koterera kaja kalibe mitsempha ya magazi. Kamadya kuchokera m'madzi a m'bondo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka pamene mukuponda ndi kunyamula mwendo, monga siponji yotsukira mbale mukaifinya n'kuisiya. Mukakhala pampando kuyambira 06:00 mpaka 18:00, kamnofuko kamagona ndi njala, minofu ya ntchafu imene imachirikiza bondo nayo imafooka, ndipo kulemera konse kumagwera pafupa.

Mu 2017 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku wa anthu opitirira 100,000 kuti aone nyamakazi ya bondo ndi chiuno. Mwa othamanga mwa apo ndi apo pofuna thanzi, osakwana 4 pa 100 alionse ndi amene anali nayo. Mwa osathamanga, anali 10 pa 100. Mwa othamanga mipikisano yaikulu kwa zaka zambiri, anali 13 pa 100. Mwaona? Wokhala pansi ndi wopitiriza muyeso ali pafupifupi pamodzi. Ziwerengerozi sizikutanthauza kuti kuthamanga kumachotsa nyamakazi. Koma zikutichotsa mantha aja akuti kuthamanga pang'ono kumatha maondo.

Ine sindinayambe ndi kuthamanga. Ndinayamba ndi kukapimitsa BP ndi shuga, ndipo inunso muyambire pamenepo. Mwezi woyamba ndinali kungoyenda mphindi 15 m'mamawa. Kenako 30. Mwezi wachitatu ndinayamba kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi zinayi, kubwereza kasanu. Masiku atatu pa mlungu, osati motsatizana, panjira yadothi osati patala. Nsapato ndinagula ku salaula, zofewa pansi. Panatha chaka ndisanathe makilomita 10 osaima. Lero Loweruka lililonse ndimathamanga 12 kapena 15, pang'onopang'ono, liwiro loti nditha kupereka moni kwa amene ndakumana nawo.

Lamulo langa ndi limodzi: bondo likatupa, kapena ululu ukakhala woposa wa masiku onse mpaka tsiku lotsatira, ndiye kuti ndinapitiriza, ndibwerere m'mbuyo. Pachifuwa pakapweteka kapena mutu ukazungulira, imani pomwepo, mukaonane ndi adokotala.

Si onse adzathamanga, ndipo musadzione ochepa. Ngati bondo linatha kwambiri, kapena nyamakazi yanu ili pa nthawi yotupa, kuthamanga si kwanu. Ife a ku Chipata njinga ndiye kwathu, ndipo kupalasa kumalimbitsa ntchafu popanda kugunda bondo. WHO imapempha mphindi 150 pa mlungu za kuyenda mwandawala kapena ntchito yofanana nayo. Ndi mphindi 30 masiku asanu. Tsikani minibasi siteshoni imodzi musanafike. Ndipo mpando uja wa pamsika, usandutseni chida: imani, khalani, imani, khalani, kakhumi, osagwira ndi manja ngati mungathe. Kawiri kapena katatu pa tsiku, makasitomala akachepa.

Tibwere ku mbale. Ndinene poyera: palibe chakudya chimene chimachiza nyamakazi. Wina akakugulitsani ufa wa m'botolo kapena tiyi wodula nati mafupa amera atsopano, sungani ndalama zanu. Ntchito yaikulu ya chakudya ndi kupeputsa katundu amene bondo likusenza. Kafukufuku wina wa ku America mu 2005 anapeza kuti kilo imodzi ikachoka pathupi, bondo limapepukidwa makilo pafupifupi anayi pa phazi lililonse limene mwaponda. Ine ndinachotsa makilo 11. Werengani nokha: makilo 44, pafupifupi thumba la chimanga, limene ndinali kulisenzetsa bondo langa popita ku tchalitchi ndi pobwera.

Sindinaleke nsima, ndine Mchewa. Ndinachepetsa mitanda, itatu inakhala iwiri, usiku umodzi ndi theka, ndipo tinabwerera ku mgaiwa. Theka la mbale likhale masamba: chibwabwa, bondwe, kalembula, repu, therere, impwa. Kayera ndi nyemba zina kawiri kapena katatu pa mlungu. Nsinjiro ndi zabwino, koma mwa muyeso. Saladi amayi kunyumba anayamba kuyeza ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo. M'mawa kandolo wophika m'malo mwa vitumbuwa vinayi.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi shuga. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la theka la lita limakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'ono ngati 12, umene ndi muyeso wa tsiku lonse wa munthu wamkulu. Ine ndinali kumwa awiri dzuwa likatentha, kuwonjezera masupuni anayi mu tiyi. Manje pansi pa tebulo pamakhala chigubu cha madzi.

Inu a gauti, nkhani yanu ndi yapadera. Mowa, chiwindi, impso, matumbo, michopo ya madzulo ndi zakumwa zotsekemera ndi zimene zimaputa chala chija. Kapenta ndi ndiwo yabwino kwa ambiri a ife chifukwa timadya ndi minga yomwe, koma inu muidye pang'ono. Imwani madzi ambiri, ndipo ngati anakulemberani allopurinol musaleke chifukwa ululu watha.

Za mapilisi aja, diclofenac ndi ibuprofen ali ndi ntchito yake akaperekedwa ndi achipatala kwa masiku owerengeka. Koma kumwa miyezi ndi miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndi kukweza BP. Musagule bondo la lero ndi impso za mawa.

Ndikumva kale zimene mukunena. "Aphunzitsi, ife timadzuka 04:00 kukaoda tomato, nthawi tiipeza kuti?" Zoona, ndipo sindikupeputsa. Koma funsani amayi aja amene anasiya tebulo lawo chifukwa sathanso kunyamula dengu, kuti matenda anawadyera nthawi yochuluka bwanji. Mphindi 30 lero ndi zotchipa kuposa chaka chonse pamphasa, ana atachotsedwa sukulu.

Ena mukuti, "Munthu wamkulu kuthamanga mumsewu, anthu ati wapenga." Anatero kwa ine. Ana anali kundithamangira m'mbuyo akuseka, wina anafunsa ngati ndathawa ngongole. Patapita miyezi, mmodzi wa osekawo anandifunsa kuti ndimanyamuka nthawi yanji. Amayi, ngati kuyenda nokha m'mamawa kukuopsani, ndipo m'malo ena ndi zoopsadi, panganani atatu kapena anayi a Mothers' Union, muvale chitenje ndi nsapato zofewa, muzungulire bwalo la tchalitchi kukacha.

Enanso mukuti, "Thupi ndi dothi, chofunika ndi mzimu." Paulo polembera Timoteo, pa 1 Timoteo 4:8, anaika kupembedza pamwamba, koma sananene kuti kulimbitsa thupi n'kopanda phindu. Ndipo ndikufunseni: kukaona odwala mumapita ndi chiyani? Kumaliro mumaima ndi chiyani? Mdzukulu mumamubereka ndi chiyani? Utumiki wonse umene Mulungu anatipatsa umayenda pa maondo awiriwa.

Sindinachire, abale. Nyamakazi ndikali nayo, mwezi wa June kukazizira bondo limandikumbutsa. Mwina tsiku lina lidzandikaniza kuthamanga, ndipo tsikulo ndidzakwera njinga. Amene muli pa ndodo kapena pa mphasa ngakhale munayesetsa zonse, simunachimwe kuposa ife, ndipo Mulungu sanakutayeni. Nyamakazi si chilango. Koma amene mukali ndi mphamvu yoimirira, musadikire kuti mnyamata wa paguwa akugwireni chigongono.

Chinthu chomaliza. Ndime 14 ya mutu womwewu, itangotha nkhani ya maondo, ikutilamula kufunafuna mtendere ndi anthu onse. Ulendo wanga wovuta kwambiri sunali wa makilomita 15. Unali wa mapazi khumi, kuchoka pashopu yanga kufika pa ya mnzanga uja, kukamuuza kuti ndinamuganizira zoipa ndipo andikhululukire. Anaseka, nandionetsa bondo lake. Nalonso linali lotupa. Lero timayenda limodzi Lachiwiri ndi Lachinayi.

Ngati pali wina pamsika amene munaleka kumupatsa moni chifukwa cha mwendo wanu, yambani ndi ulendo umenewo lero. Mawa mupite kukapimitsa. Mkucha muyende mphindi 15.

Tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene munatiumba ndi dothi ndipo mumadziwa fupa lililonse la m'thupi mwathu, yang'anani ana anu amene agona usiku uno ndi ululu. Patsani nzeru madokotala ndi anamwino athu. Tipatseni kudziletsa pa mbale, kulimba mtima panjira, ndi kudzichepetsa kuti tidziwe poimira. Tikhululukireni pamene tinanamizira anzathu chifukwa cha matenda athu. Amene sangathenso kuyenda, muwanyamule Inu, ndipo mutitume ife kukawaona. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ambuye akhale nanu. Malonda ayende bwino lero.