Liu la "North" ndi Mkangano wa Ndalama Pakati pa Maiko

Pamene nthumwi za maiko a dziko lonse lapansi zinasonkhana mu mzinda wa Baku, m'dziko la Azerbaijan, m'mwezi wa November 2024 kukambirana za kusintha kwa nyengo, mkangano umene unachedwetsa msonkhanowo mpaka kupyola tsiku lake lotsekera unali wa ndalama. Koma amene anatsata bwino zokambiranazo anaona kuti kuseri kwa nkhani ya ndalamayo kunali funso lina lovuta koposa, ndilo lakuti kodi ndi maiko ati amene ayenera kuwerengedwa kuti ndi a "North". Pakuti amene walowa m'gulu la dzina limeneli ndiye woyenera kupisa dzanja m'thumba, ndipo amene watsala kunja ndiye woyembekeza kulandira.

Munthu amene anaphunzira Chingerezi pa sukulu adzati funsoli ndi lachibwana, popeza aphunzitsi anamuuza kalekale kuti north ndiko kumpoto ndipo south ndiko kumwera. Ndi zoonadi, ndipo tanthauzo loyamba la liuli ndi lomwelo. Akatswiri ofufuza magwero a mau amaganiza kuti linachokera ku tsinde lakale kwambiri lotanthauza dzanja lamanzere, chifukwa munthu akaima m'mamawa kupenya kotulukira dzuwa, kumpoto kumakhala kumanzere kwake. M'Chichewa mbali ziwirizi zili ndi maina amodzimodzi ndi a mphepo, mpoto ndi mwera, zimene msodzi aliyense wa pa Nyanja ya Malawi amazidziwa bwino. Tsono liu la Chingerezi lija silinakhale pa kampasi pokha. Eni ake analisenzetsa akatundu ena ambiri, ndipo akatunduwo sagwirizana ai.

Ku England munthu akati "the North" amanena za zigawo za mafakitale ndi migodi ya malasha, kumene kuli mizinda monga Manchester, Leeds ndi Newcastle, ndipo kwa zaka zambiri, makamaka migodi itatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, liuli lakhala likukumbutsa anthu za ulova ndi kutsalira poyerekeza ndi London. Ku America, pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, "the North" ndiwo anali maboma amene anagonjetsa eni akapolo, ndipo nkhondoyo isanayambe akapolo othawa ankalondola nyenyezi ya kumpoto usiku pofuna ufulu. Chotero liu limodzi lomwelo kwina likutanthauza umphawi, kwina ufulu.

Chimene chimasokoneza ndi chakuti kumpoto sikuima pakokha. Nthawi zonse kumakhala kumpoto kwa wina wake, ndipo amene amatcha dzinalo ndiye amene waima pakati. Dziko limene lero ndi Zambia linatchedwa Northern Rhodesia mu 1911 chifukwa olitcha ankaliona ali tsidya la kumwera la mtsinje wa Zambezi, ndipo eni dziko atalandira ufulu pa 24 October 1964 anataya dzinalo osalilira.

LIU LIMODZI, ZAKA 27

Amene akuganiza kuti mikangano ya maina ndi masewera ayenera kumva za dziko la Macedonia. Dziko laling'onoli litachoka m'chitaganya cha Yugoslavia mu 1991, boma la Greece linakana kulivomereza ndi dzinalo, ponena kuti Macedonia ndi chigawo cha kumpoto cha Greece, kumene kuli mzinda wa Thessaloniki, ndiponso kuti mbiri ya mfumu Alexander ndi yao. Mu 2008 Greece inatsekereza dzikolo kulowa m'bungwe la chitetezo la NATO. Mlanduwo unatha pa 17 June 2018, patapita zaka 27, pamene maboma a nduna zazikulu Alexis Tsipras ndi Zoran Zaev anasainirana pangano m'mbali mwa nyanja ya Prespa loti dzikolo lionjezere liu limodzi kutsogolo kwa dzina lake. Kuyambira mu February 2019 likutchedwa North Macedonia, ndipo mu March 2020 khomo la NATO linatseguka. Ngakhale zili choncho bala silinapole, pakuti mu May 2024 pulezidenti watsopano, mai Gordana Siljanovska-Davkova, polumbira pa udindo wao anasiya liu lija dala, ndipo boma la Greece linakwiya tsiku lomwelo.

MZERE WA BRANDT

Tanthauzo limene likuvutitsa maiko lero linafala ndi lipoti la mu 1980 la bungwe lotsogoleredwa ndi a Willy Brandt, amene kale anali mtsogoleri wa boma la West Germany. Bungwelo linakhazikitsidwa mu 1977 potsatira maganizo a a Robert McNamara a ku World Bank, ndipo ntchito yake inali yofufuza chifukwa chake maiko ena akulemererabe pamene ena akusaukirabe. Pa chikuto cha lipotilo panali mapu okhala ndi mzere wogawa dziko pawiri, olemera kumtunda, osauka kumunsi. Mzerewo sunatsate Equator. Unadutsa pakati pa United States ndi Mexico, unalekanitsa Ulaya ndi Africa, unasiya China kumunsi, ndipo utafika kum'mawa unakhotera pansi kwambiri kuti ukakolole Australia ndi New Zealand, maiko amene mizinda yao ikuluikulu ili kumwera koposa Malawi. Kuyambira pamenepo "North" anasanduka dzina laulemu la anthu olemera. Mu October 1981 atsogoleri a maiko 22, mwa iwo a Julius Nyerere, mai Indira Gandhi, mai Margaret Thatcher ndi a Ronald Reagan, anakomana ku Cancún kuti akambirane lipotilo, koma anabalalika osamanga mfundo yogwirika.

Mapu amenewa anali ndi zododometsa chiyambire, ndipo zaka zaonjezera zina. India, Ethiopia ndi Mali ali kumpoto kwa Equator koma amawerengedwa kumwera. South Korea, amene anali wosauka m'zaka za m'ma 1960, mu 2021 bungwe la United Nations loona za malonda ndi chitukuko linamusamutsira m'gulu la maiko otukuka, kotero kuti lero South Korea ali ku "North" pamene North Korea ali ku "South". Mwana wa sukulu atalemba zotere pa mayeso akhoza kulandira chikwapu, koma ndimo mmene akuluakulu a dziko amalankhulira.

Zonsezi zikanakhala zoseketsa chabe pakanapanda pangano la za nyengo limene maiko anasainira ku Rio de Janeiro mu 1992. M'panganolo mulibe mzere wa Brandt, koma muli mndandanda wa maiko olemera amene analonjeza kuthandiza anzao ndi ndalama, ndipo mndandandawo ukufanana kwambiri ndi "North" wa masiku amenewo: United States, Canada, Japan, Australia, New Zealand ndi maiko a kumadzulo kwa Ulaya. China, Saudi Arabia, Singapore ndi South Korea mulibemo. Chikhalirecho China tsopano ndiye amene amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka koposa dziko lina lililonse pa chaka. Apa ndi pamene pagona mkangano. Maiko a Azungu akuti mndandandawo wakalamba ndipo olemera atsopano alowemo. China ndi anzake akuyankha kuti amene anayamba kutentha malasha zaka mazana awiri zapitazo ndiwo eni ngongole, ndipo mau amenewa ali ndi mutu, popeza tikawerengera mpweya wonse umene unatulutsidwa kuyambira kale, United States ndiye ali patsogolo.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mbali zonse ziwiri zimapindula mlanduwo ukamachedwa. Mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza madola mabiliyoni 100 chaka chilichonse pofika mu 2020, koma malinga ndi bungwe lao lomwe la OECD chiwerengerocho chinakwana mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole zofunika kubweza. Ku Baku maiko osauka anapempha mabiliyoni 1,300 pa chaka. Anapatsidwa lonjezo la mabiliyoni 300 pofika mu 2035, maiko otukuka akutsogolera, ena onse akungolimbikitsidwa kusonkha mwa kufuna kwao. Patangopita miyezi iwiri, mu January 2025, a Donald Trump anasaina chikalata chotulutsa United States m'pangano la Paris, ndiye kuti mwini thumba lalikulu koposa wa ku "North" anadzuka pabwalo mlandu uli pakati.

Pa tsiku lotsiriza la zokambirana za ku Baku, nthumwi za maiko osaukitsitsa pamodzi ndi za maiko a pa zilumba zing'onozing'ono zinatuluka m'chipinda chokambirana posonyeza kusakondwa. Gulu la maiko osaukitsitsalo linkatsogoleredwa ndi Mmalawi, a Evans Njewa. Kutuluka kwaoko kunaonetsa poyera chinthu chimene mau awiri aja amabisa, chakuti pansi pa dzina la "South" pali mwini zitsime za mafuta pamodzi ndi mlimi wa ku Nsanje amene munda wake unakokoloka, ndipo zofuna zao sizingakhale zimodzi. Nthumwi za Malawi zinachita mwanzeru kuumirira pa dzina la maiko osaukitsitsa, chifukwa gulu limeneli, la maiko oposa 40, lili ndi miyeso yake yodziwika imene United Nations imagwiritsa ntchito, monga chuma cha munthu mmodzi pa chaka, maphunziro ndi umoyo, ndipo dziko likatukuka limatulukamo monga anachitira Botswana mu 1994. "North" ndi "South" alibe muyeso wotere, alibenso khomo lolowera kapena lotulukira.

Kukula kwa nkhaniyi kumaoneka bwino tikaika ziwerengero ziwiri pamodzi. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kumwera cha Malawi mu March 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Kafukufuku amene Boma linachita ndi mabungwe othandiza anapeza kuti kumanganso zoonongekazo kudzafuna madola pafupifupi mamiliyoni 680. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Dubai, maiko anatsegula thumba lothandiza maiko onse osauka amene aonongekeredwa ndi nyengo, ndipo malonjezo onse amene anaponyedwamo pa msonkhanowo anakwana madola pafupifupi mamiliyoni 700.